Orton Edgar Ching'oli Chirwa (1919–1992): Loya Woyamba, Woyambitsa Chipani, Mkaidi wa ku Zomba

Magulu a mipingo, a sukulu ndi a chikhalidwe kuno kwathu amakonda kusonkherana ndalama, kuchita hayala minibasi ndi kupita ku Lilongwe kukaona zipilala za dziko. Amanyamuka pa Boma kusanache, natsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera pa Chintheche, Dwangwa ndi Nkhotakota, nakhotera pa Salima kukwera ku likulu. Kumeneko malo oima ndi odziwika: manda a Dr. Hastings Kamuzu Banda amene anatsegulidwa mu 2006, Nyumba ya Malamulo imene ili pafupi pomwepo, ndiponso nsanja yokumbukira asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu ku Area 18, pamene paima chiboliboli cha Kamuzu atagwira ndodo ndi litchowa. Mtonga woyenda ulendo wotere ayenera kupita akudziwa mbiri ya a Orton Chirwa, pakuti zambiri zimene akaone zimakhudzana ndi moyo wawo, ngakhale kuti mzindawo unamangidwa iwo ali kunja kwa dziko.

A Chirwa anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma lino la Nkhata Bay. Anakula m'nthawi imene Atonga anali atatchuka kale ndi sukulu za mishoni ya Livingstonia, zimene zinafika ku Bandawe mu 1881, ndipo ana a m'mbali mwa nyanjayi anali kugwira ntchito zaukalaliki ndi zauphunzitsi mpaka ku Harare ndi ku Joni. Iwo anapitirira apo. Anakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, sukulu imene inasula atsogoleri ambiri a mu Africa, nabwera kudzaphunzitsa aphunzitsi ku Domasi. Mu 1951 anakwatira mayi Vera, amene pambuyo pake anadzakhala mayi woyamba m'Malawi kuphunzira zamalamulo. Mu 1958 a Chirwa anavomerezedwa kukhala loya ku Lincoln's Inn mumzinda wa London, ndipo anabwerera kwawo ali munthu wakuda woyamba wa ku Nyasaland woyenera kuimira anthu pa milandu m'makhoti a azungu.

Sanaidyerere ntchitoyo. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe. Tsiku limenelo ife a kuno sitiuzidwa ndi munthu: padoko lathu lomweli asilikali anaombera khamu limene linasonkhana pofuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo lipoti la Devlin linawerenga anthu 20 amene anafa. A Chirwa nawo anamangidwa natumizidwa kundende ku Southern Rhodesia. Atatulutsidwa m'chaka chomwecho anapeza Congress ili yoletsedwa, Dr. Banda ali m'ndende ku Gweru, anthu alibe wowatsogolera. Pa 30 Sepitembala 1959 iwo ndi anzawo, mmodzi mwa iwo Aleke Banda wa ku Tukombo amene anali mnyamata wa zaka 20 zokha, anakhazikitsa Malawi Congress Party, a Chirwa nakhala pulezidenti wake woyamba.

Apa ndi pamene pamaoneka mtima wa munthuyu. Boma la atsamunda likanakondwa kukambirana ndi loya wofatsa wophunzira ku London m'malo mwa Dr. Banda, ndipo mpando unali kale m'manja mwawo. A Chirwa anaumirira kuti iwo akungosungira mwini wake. Dr. Banda atatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960, anawapatsa utsogoleri wa chipani popanda kukangana. Mlendo woima pamanda a ku Lilongwe amawerenga ngodya zinayi za chipanicho, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Nkovuta kupeza chitsanzo cha kukhulupirika choposa cha munthu amene anabweza mpando atauyamba yekha.

Pa chisankho cha 1961 anthu a Nkhata Bay anawasankha kukhala phungu wawo. Anapatsidwa ntchito yoyang'anira zachilungamo, ndipo dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 anali Nduna ya Zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Ntchito yawo yaikulu m'zaka zimenezo inali kukonzanso makhoti a m'midzi mu 1962, kuti milandu ing'onoing'ono iweruzidwe pafupi ndi anthu, m'chilankhulo chawo, ndi oweruza osakhala pansi pa DC.

Ufulu usanathe miyezi itatu, nduna zinasemphana ndi Dr. Banda. Zinadandaula ndi tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, ndi malipiro a antchito a boma a Chimalawi, ndi kuchedwa kowapatsa maudindo amene anali ndi azungu. Zinakananso ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo zinafuna kuti Malawi agwirizane ndi China wa ku Beijing amene analonjeza thandizo. Koposa zonse zinakana kutengedwa ngati anyamata otumidwa. Pa 7 Sepitembala 1964 Dr. Banda anachotsa a Chirwa, a Kanyama Chiume a ku Usisya, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo. Chaka chisanathe a Chirwa anali atathawira ku Tanzania.

Nkhani ya mkangano umenewu imaoneka m'nyumba zenizeni za likulu. Boma linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo ndalama zoyambira kumanga mzindawo zinali ngongole yochokera ku South Africa, ubale womwe uja nduna zinaukana. Nyumba ya Malamulo imene magulu athu amajambulitsapo zithunzi inatsegulidwa mu 2010, ndipo inamangidwa ndi thandizo la China wa ku Beijing, ubale womwe uja nduna zinaufuna zaka zoposa 40 m'mbuyomo. Nyumba imene a Chirwa ankalankhulamo ngati phungu ndi ya ku Zomba, mumzinda womwe munali ndende yawo yotsiriza.

Ku Dar es Salaam anakhala zaka 17 akugwira ntchito zamalamulo, ndipo anayambitsa gulu la MAFREMO lotsutsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Pa 24 Disembala 1981 iwo, mayi Vera ndi mwana wawo wamwamuna anagwidwa kumalire a Zambia ndi Malawi cha ku Chipata. Boma linati analowa okha m'dziko kudzachita upandu. Iwo ananena kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia.

Mlandu woukira boma unazengedwa ku Blantyre m'khoti la mafumu la m'chigawo cha kummwera. Makhoti amenewa anamera pa makhoti a m'midzi omwe aja a Chirwa anawakonza, koma kuyambira 1969 boma linawapatsa mphamvu zoweruza milandu ya kupha, kenaka ndi ya kuukira boma, mpaka kupereka chilango cha imfa. Mmenemo munthu sankaloledwa kukhala ndi loya womuimira. Chotero loya woyamba wa dziko lino anaima yekha ndi mkazi wake, osaloledwa ngakhale kuitana mboni zawo za kunja. Mu Meyi 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Khoti la apilo la mafumu linavomereza chigamulocho mu 1984, koma mipingo ya ku Scotland, bungwe la Amnesty International ndi maboma a kunja atadandaula kwambiri, Dr. Banda anasintha chilangocho m'chaka chomwecho kukhala ndende ya moyo wonse.

Zaka za ku Zomba zinali zowawa. A Chirwa anasungidwa okhaokha m'chipinda, nthawi zina ali m'maunyolo, ndipo ngakhale mayi Vera anali m'ndende yomweyo, awiriwa anatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana. Anakumana mu Sepitembala 1992 pamene maloya ochokera ku Britain analoledwa kudzawayendera. Apo nkuti maso ndi makutu a bambowa zitafooka kwambiri. Chaka chimenecho mphepo inali itasintha kale, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo m'mwezi wa Malichi, koma iwo sanayembekezere. Anamwalira m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992 ali ndi zaka 73, ndipo thupi lawo linabwera kudzagona kwawo m'boma lino.

Mayi Vera Chirwa anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993. Pa 14 Juni chaka chomwecho Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pofika 1994 makhoti a mafumu amene anaweruza banjali anali atathetsedwa.