Marguerite Renoir: Mayi Wodula ndi Kulumikiza Kanema

Kanema akatchuka, anthu amatama wotsogolera ndi ochita sewero. Munthu amene amabindikira m'chipinda, kudula filimu ndi kuimata kuti nkhani iyende bwino, satchulidwa kawirikawiri. Ku France, mmodzi mwa akatswiri a ntchito imeneyi anali Marguerite Renoir.

Mayiyu anabadwira mumzinda wa Paris m'chaka cha 1906, ndipo dzina lake lenileni linali Marguerite Houllé. Ali ndi zaka 15 analembedwa ntchito kukampani ya Pathé yopaka utoto pafilimu, popeza makamera ambiri a nthawiyo ankajambula zoyera ndi zakuda zokha. Kuchokera pamenepo anaphunzira luso lolumikiza zithunzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anakumana ndi Jean Renoir, wotsogolera kanema. Awiriwa anakhalira limodzi zaka zambiri koma sanamange ukwati, ngakhale kuti Marguerite anatenga dzina la bamboyo. Makanema otchuka a Renoir monga Toni (1935), La Grande Illusion (1937) ndi La Règle du jeu (1939) anadutsa m'manja mwa mayiyu.

Luso lake limaonekera bwino mu Partie de campagne, kanema wochokera munthano ya Guy de Maupassant. Renoir anayamba kumujambula m'chaka cha 1936 m'mbali mwa mtsinje wa Loing, ndipo Marguerite anaseweramo ngati wantchito wa panyumba yodyera. Tsoka ilo, mvula inavumba masiku ambiri, ntchito inaima, ndipo Renoir anapita kukayamba kanema wina. Zidutswazo zinangokhala zaka khumi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mwini kanema, Pierre Braunberger, anazipereka kwa Marguerite. Apa n'kuti Renoir ali ku America, komwe anathawira nkhondo ndi kukwatira mkazi wina, Dido Freire, mu 1944.

Marguerite anasanja zidutswazo popanda wotsogolera womuuza chochita. Pamene panasowa zithunzi anaikapo mawu olembedwa, ndipo mvula ija, yomwe inaononga ntchito, inalowa m'nkhani: madontho akugwa pamtsinje amasiyanitsa tsiku limene mtsikana anagwa m'chikondi ndi zaka zake za m'banja losasangalatsa. Kanemayu anatuluka mu 1946, ndipo ndi wa mphindi pafupifupi 40. Kwa ine, kumutchula kuti ndi wa Jean Renoir yekha n'kumulanda mayiyu thukuta lake.

Pambuyo pake anagwira ntchito nthawi yaitali ndi Jacques Becker, yemwe kale anali wothandizira Renoir. Anamulumikizira Casque d'or (1952), Touchez pas au grisbi (1954) ndi Le Trou (1960), kanema womaliza wa Becker. Anagwiranso ntchito ndi Luis Buñuel. Marguerite anamwalira m'chaka cha 1987, akudziwikabe ndi dzina la Renoir.