Anthony Morris, meya amene anathawa mpando

Masiku ano munthu agulitsa ng'ombe kuti apeze ndalama zofunira mavoti. Koma mumzinda wa Philadelphia ku America munali munthu amene anathawa pakhomo pake poopa kukhala meya.

Anthony Morris anabadwira ku London mu 1682, ndipo makolo ake anaoloka naye nyanja akali khanda. Atate ake, amenenso anali Anthony Morris, anali a mpingo wa Quaker. Anatsegula malo ofululira mowa ku Philadelphia mu 1687, ndipo mu 1703 anakhala meya. Akristu ena adzadabwa apa, koma a Quaker a masiku aja anali kudzudzula kuledzera, osati kufulula.

Atafika zaka 14, mnyamatayo anapelekedwa kwa Henry Badcock kuti aphunzire kufulula kwa zaka 7. Mowawo unali wa cimera ca balere, mbeu yofanana ndi tirigu. Nchito inamuyendera bwino, mpaka anaika ndalama zina m'ng'anjo zosungunulira citsulo. Mu 1704 anakwatira Phoebe Guest, ndipo mu 1738 anasankhidwa kukhala meya, natumikira caka cimodzi.

Meya sanali kusankhidwa ndi anthu onse, koma ndi khonsolo. Analibe malipiro, cikhalireco anali kuweruza milandu ndi kuyang'anira mzinda, nchito yake ya pakhomo ili ciimire. Wokana anali kulipitsidwa. Mu 1745 amuna awiri, Abraham Taylor ndi Joseph Turner, analipira mapaundi 30 aliyense cifukwa cokana mpandowo.

Mu 1747 khonsolo inagwirizana zoyamba kulipira meya mapaundi 100 pacaka. Caka comweco inasankhanso Morris. Iye anali ndi zaka 65, ndipo kulemera kwa katunduyo anali kukudziwa kale. Sanakane poyera ai. Anangocoka mwakacetecete kupita ku Bucks County, kotero kuti otumidwa kukamuuza sanamupeze. Atamufunafuna masiku atatu, khonsolo inacita cisankho cina nibwezera pampando William Attwood, meya amene anali atangomaliza caka cake.

Kunena zoona, kuthawako sikunali kwa ulemu kwenikweni, pakuti katundu amene Morris anazemba anagwera mnzake amene anali atatopa kale. Inu amene munasankhidwapo kukhala tcheyamani wa parishi kapena wa kopaletivi mudziwa mmene zimawawira.

Morris anamwalira ku Philadelphia mu 1763, ndipo nchito ya cimera ndi mowa inapitirira m'manja mwa ana ndi adzukulu ake.