Dotolo Bob Smith, Cidakwa Cimene Cinaciza Anzace

Munthu woona amuna alikudzandira pocokera ku taveni ku Matero angayese kuti ucidakwa ndi nthenda ya osaphunzira. Robert Smith, wobadwira ku Vermont m'dziko la America mu 1879, anali dotolo wa opareshoni, koma mowa unamgwira akali pa sukulu. Anagonekedwa m'zipatala kambirimbiri, osacira.

Mu May 1935, mu mzinda wa Akron, anakumana ndi Bill Wilson, cidakwa cinzace cimene cinali citatha miyezi isanu osamwa. Smith analola kumva mlendoyo mphindi 15 cabe, koma anaceza maora asanu ndi limodzi, pakuti Wilson sanamdzudzule. Anangosimba mabvuto a iye mwini. Tsiku lina mu June dotoloyo anamwa botolo lace lotsiriza, loletsa manja kunjenjemera asanacite opareshoni. Tsikulo ndilo ciyambi ca bungwe la Alcoholics Anonymous, m'mene zidakwa zimalimbitsana mtima zokhazokha.

Kuyambira mu 1939, mothandizana ndi Sister Ignatia, anagoneka zidakwa m'cipatala ca St. Thomas monga odwala ena onse. Anathandiza anthu oposa 5,000 osalipiritsa. Anamwalira ndi khansa mu 1950, osalawanso mowa.