Jim Thorpe, Katswiri wa Mpira wa ku America

Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi umene inu mumamenya ndi mapazi. Mpirawo ngwoumbika ngati dzira. Osewera amakhala 11 mbali iliyonse. Wina amaufungatira nathamanga nawo, ndipo a mbali inayo amayesa kumgwetsa pansi. Katswiri woposa onse m'masiku oyamba a mpira umenewu anali Jim Thorpe.

Iye anabadwa m'chaka cha 1887 m'dera limene tsopano litchedwa Oklahoma. Anali wa fuko la Sac and Fox, limodzi la mafuko amene Azungu anawapeza m'dzikomo. Anabadwa mapasa, koma mnzakeyo anamwalira ali ndi zaka 9. M'chaka cha 1904 Jim anapita ku sukulu ya Carlisle, ndipo kumeneko mphunzitsi wa masewera, Pop Warner, anaona liwiro lake namphunzitsa mpira.

M'chaka cha 1912 anawoloka nyanja kunka ku Stockholm, ku masewera a Olimpiki. Anathamanga, nalumpha, naponya mkondo, ndipo anapata mendulo ziwiri za golide. Koma chimwemwe chake sichinakhalitse. M'chaka chotsatira kunamveka kuti kale analandirapo ndalama pang'ono posewera baseball, pamene lamulo la masiku amenewo linkaletsa wolipidwa kulowa mu Olimpiki. Tsono anamlanda mendulo zija, nafafaniza dzina lake m'mabuku.

Thorpe sanataye mtima. M'chaka cha 1915 analowa m'gulu la Canton Bulldogs, nalandira madola 250 pa masewera amodzi. Gululo linapambana anzake onse mu 1916, 1917 ndi 1919. Mu 1920 magulu a mpira anapangana kukhala bungwe limodzi, namsankha iye akhale mtsogoleri woyamba. Bungwelo ndilo litchedwa NFL lero.

Analeka mpira mu 1928 ali ndi zaka 41. Pambuyo pake anasauka, nagwira ntchito zolimba monga kukumba maenje, kufikira anamwalira mu 1953.

Mu 1982 akulu a Olimpiki anambwezera ulemu wake, ndipo mu 1983 anapereka mendulo zina kwa ana ake. Mwini wake anali atagona m'manda zaka 30. Ana inu, mukalakwira mnzanu, konzani mlanduwo msanga, iye akali ndi moyo.