Gustav Killian, dokotala amene anayamba kusuzumira m'mapapo

Ngati munatsamwidwapo ndi fupa, mantha ake mukuwadziwa. Kale chinthu chikatsikira m'njira ya mpweya, ambiri ankamwalira nacho, poti dokotala analibe poonera.

Gustav Killian anabadwira ku Mainz m'dziko la Germany mu 1860, ndipo anali dokotala wa mphuno ndi pakhosi ku Freiburg. Mu 1897 kunabwera bambo wina, kafupa ka nkhumba katamukakamira m'njira yopita ku phapo lakumanja. Killian anamuchititsa dzanzi pakhosi ndi cocaine, n'kulowetsa paipi yachitsulo yowongoka kudzera pakamwa. Anakaona kafupako n'kukazula, osamung'amba.

Paipi yotereyi ikugwirabe ntchito. Njira yanu ya mpweya itachepa chifukwa cha chotupa cha khansa kapena zipsera za TB, mungamabanike, kupuma kukumveka ngati likhweru. Madokotala amatha kudzera m'paipiyo n'kuika kachubu kotchedwa stent kuti njirayo ikhale yotseguka. Khansayo sikachiza, ndipo kamatha kusuntha kapena kutsekeka ndi makhololo, choncho kuchipatala mumabwererako ndithu.

Machubu a masiku anowa Killian sanawaone. Anasamukira ku Berlin mu 1911, ndipo anamwalirira komweko mu 1921.