James Van Allen, Mphunzitsi wa ku Iowa

James Van Allen adabadwa m'chaka cha 1914 ku Iowa, m'dziko la Amereka. Mu 1958 chipangizo chake choyezera cheza chidapita m'mlengalenga pa chombo cha Explorer 1, koma chitafika kutali chidangoti zii. Iye adazindikira kuti chipangizocho sichidafe ayi, koma chidalemedwa ndi kuchuluka kwa cheza. Potero adatulukira malamba a cheza ozinga dziko lapansi.

Adalinso mphunzitsi pa yunivesite ya Iowa. Wophunzira wake, Donald Gurnett, adathandiza kupanga chipangizo cha m'chombo cha Voyager 1, chimene mu 1979 chidatola mafunde a wailesi ochokera ku mphenzi za pa pulaneti la Jupiter. Van Allen adamwalira mu 2006, atasula kale omulowa m'malo.