Joseph Booth, mzungu amene anasokonezedwa ndi funso la munthu wosapemphera

Sabata yatha mu minibasi yochokera ku Lirangwe, abambo awiri anatsutsana kuyambira pa Lunzu mpaka pa Kameza. Wina ankati munthu amapulumuka ndi chisomo basi, umboni wake Aefeso 2. Mnzakeyo anakakamira pa Yakobo 2, kuti chikhulupiriro chizioneka ndi zochita. Ine sindinalowererepo. Ndinkangoyang'ana phiri la Michiru pawindo, n'kumaganiza za munthu wina amene mkangano womwewu unamusamutsa ku Australia mpaka kudzafika kuno.

Joseph Booth anabadwira ku Derby, ku England, mu 1851. Anapita ku New Zealand mu 1880, kenako ku Melbourne mu 1887, komwe bizinesi inkamuyendera ndipo anali dikoni mu mpingo wa Baptist. Kumeneko ankakonda kutsutsana pagulu ndi anthu osakhulupirira Mulungu. Tsiku lina mmodzi wa iwo anamukumbutsa za mnyamata wachuma wa pa Mateyu 19 uja, amene anauzidwa kuti agulitse zake n'kupatsa osauka. Anamufunsa kuti nanga iyeyo, wachuma mnzake, achita liti zimenezo.

Ambirife tikanangoti ndi Satana ameneyo, n'kupita kukadya nsima. Booth anagulitsadi bizinesi. Mkazi wake Mary Jane anamwalira mu 1891, koma ulendo sunalephereke. Mu 1892 anafika ku Blantyre ndi mwana wake wamkazi Emily, wosakwana zaka khumi, n'kutsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Michiru.

Maganizo ake anali oti mishoni izidzidalira. Anthu amve uthenga, aphunzire ntchito zamanja, alime khofi, ndipo phindu litsegulire mishoni ina. Chomwe chinautsa mapiri pachigwa ndi malipiro. Booth ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa azungu a m'maesiteti, moti anthu anayamba kukhamukira kwa iye. Eni minda anakwiya. Amishoni a ku Scotland a ku Blantyre Mission nawo anadandaula kuti akuwatengera anthu awo ophunzira. Apa ndi pomwe ndimamupatsa ulemu mkuluyu. Kulalikira kuti tonse ndife ana a Mulungu mmodzi n'kosavuta. Kuonetsa zimenezo pa tsiku la malipiro ndi nkhani ina. Funsani aliyense wogwira ntchito zapakhomo kwa bwana wosajomba kutchalitchi.

M'nyumba mwake munalowa mnyamata wina wofuna ntchito, dzina lake John Chilembwe, amene ankasamalira Emily. Booth anamubatiza mu 1893, ndipo mu 1897 anapita naye ku America, komwe anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Chaka chomwecho Booth anatulutsa buku lake la Africa for the African. Mu 1899 analemba chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria, chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito yophunzitsa anthu akuda, ndiponso kuti dzikoli libwezedwe kwa eni ake pakatha zaka 21. Boma la Alfred Sharpe linamuthamangitsa, n'kudzamulola kubwerera mu 1900 atalonjeza kuti asiya ndale.

Koma musafulumire kumuika pa status ngati woyera mtima. Booth sankakhazikika. Anasemphana ndi akuluakulu a mishoni ya Zambezi pa nkhani ya ndalama, n'kuchoka. Anayambitsa Nyasa Industrial Mission, anayambitsa ya Baptist ku Gowa, analowa Seventh Day Baptist n'kutsegula Plainfield ku Thyolo, malo amene a Adventist anagula mu 1902, omwe lero ndi Malamulo. Kwa a Adventist sanathe nako chaka. Kenako anatengeka ndi ziphunzitso za Watch Tower, n'kuphunzitsa Elliot Kamwana. Paliponse ankasiya anthu okhumudwa komanso ntchito yosamaliza. Banja lake linalipira mtengo waukulu: mwana wake wamwamuna, Edward, anafera kuno ndi malungo akadali mnyamata.

Ndiye tikati timuyeze ndi ntchito zokha, sikelo yake ikupendekera mbali zonse. Abambo a Yakobo aja akanasowa chonena pa mikangano ndi mishoni zosiyidwa panjira. Munthu wotere, ngati kumwamba amalowera ndi CV, ali pa mavuto, ndipo chisomo akuchifuna ngati ine ndi inu. Koma abambo a Aefeso aja nawo sakanathawa funso la ku Melbourne lija. Chikhulupiriro cha Booth tikuchidziwa lero chifukwa chinamudyera bizinesi, mtendere ndi mbiri yabwino pakati pa azungu anzake. Akanangokhala pa mpando wa udikoni, bwenzi ku Mitsidi kulibe nkhani.

Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, boma linakayikira Booth, ngakhale iye ankadana ndi nkhondo ndipo anali atachoka kuno mu 1902. Anathamangitsidwa ku Basutoland ndi ku South Africa chaka chomwecho. Anamwalira mu 1932 ku Weston-super-Mare, ku England, ali wosauka. Mpingo wa Zambezi Evangelical ukadali ku Mitsidi, ndipo nkhope ya wantchito wake uja ili pa K2,000 imene ndinapatsa kondakitala tsiku limenelo.